Injini ikawira wodwala ali m'galimoto, kuthira madzi si mankhwala

Tikangolowa mwezi wa October, uthenga wa nthambi yoona zanyengo umakhala wodziwikiratu: imwani madzi ambiri, khalani pamthunzi, ana ndi okalamba asakhalitse padzuwa. Mu October 2023 nthambiyi idachenjeza kuti kuchigwa cha Shire kutentha kukhoza kufika madigiri 44, ndipo inu a ku Nsanje, ku Chikwawa ndi m'mbali mwa nyanja mukudziwa kuti dzuwa lotere silidathere chaka chimenecho. Koma pali wodwala wina amene satchulidwa m'mauthengawa, chonsecho ndiye timamudalira kuti atifikitse kuchipatala. Wodwalayo ndi injini ya galimoto.

Mwina mukudabwa kuti nkhani ya amakaniko ikufunanji patsamba la zaumoyo. Inu mavolontiya mudaphunzira za kuchedwa kutatu komwe kumapha amayi oyembekezera: kuchedwa kumanga mfundo yopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kuthandizidwa munthu atafika. Kwachiwiriko timakuona ngati vuto la mtunda, la milatho yokokoloka kapena la kusowa kwa mafuta. Koma galimoto yomwe yaima pachitunda, boneti ili yasa, nthunzi ili tolotolo, nayonso ikuchedwetsa wodwala. Mayi amene akutaya magazi atangochira akhoza kumwalira pasanathe maola awiri. Injini yowira imafuna mphindi zosachepera 30 munthu asanaikhudze n'komwe.

Taonaninso mmene dziko lathu lidakhalira. Madera otentha kwambiri ali kumunsi, zipatala zikuluzikulu zili kumtunda. Wodwala wotumizidwa ku Queen Elizabeth kuchoka ku Chikwawa amanyamuka pamalo okwera pafupifupi mamita 100 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere n'kukafika pamalo okwera mamita oposa 1,000, ndipo chikweza chenicheni chimayamba mukangodutsa pa Thabwa. Wochoka ku Karonga kulowera ku Mzuzu amakumana ndi mapiri a Chiweta. Wochoka ku Salima kupita ku Kamuzu Central amakwera, wochoka ku Nkhata Bay amakwera, wodzera ku Golomoti ali ndi Khwekhwelere patsogolo pake. Injini imayamba chitunda itamwa kale mpweya wotentha wa kuchigwa, galimoto itadzaza, ikuyenda mokwawa moti mphepo yoiziziritsa ndi yochepa. Ngati ili ndi chilema chobisika, chimatulukira pamenepo, pamalo pomwe palibe galaja, palibe mjigo, mwinanso netiweki ya foni ikuvuta.

Chaka ndi chaka zilemazi zikuchuluka, ndipo chifukwa chake si dzuwa lokha. Ndalama ya kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Rediyeta, pampu ya madzi, mapaipi ndi kulanti, zonsezi n'zoitanitsa kunja, pamene ndalama zakunja zakhala zikusowa. Galimoto zambiri za m'misewu yathu zidabwera kuchoka ku Japan zitagwira kale ntchito zaka zingapo. Mwini galimoto akapanikizika amayamba wagula mafuta ndi matayala, poti popanda izo galimoto siyenda. Za madzi a mu injini zimadikira, chifukwa galimoto yodontha imayendabe bola kondakitala ali ndi chigubu.

Chigubu chimenechi ndicho chatizolowetsa zolakwika. Kutentha kwa injini kuli ngati kutentha thupi kwa mwana: ndi chizindikiro, si matenda. Mayi akabwera ndi mwana wotentha thupi mumamuuza kuti panado aziziritsa thupi koma sachiza malungo kapena chibayo, mwana akayezedwe. Dalaivala amene amathira madzi mu rediyeta pachitunda chilichonse akumwetsa injini panado tsiku ndi tsiku. Injini yabwino siimwa madzi. Madzi ake amazungulira momwemo miyezi yambiri osachepa moti n'kuonekera. Ikayamba kufuna chigubu sabata iliyonse, ndiye kuti pena pake pakudontha kapena madziwo akuwira n'kutayika, ndipo chomwe chikuchititsacho chili ndi dzina.

Kuti timvane, tiyambe taona mmene injini imadziziziritsira. Pa mphamvu yonse ya mafuta omwe imawotcha, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndilo limayendetsa galimoto. Gawo lina limatuluka ndi utsi ku ekizozi, ndipo lotsalalo ndi kutentha komwe madzi ayenera kunyamula. Pampu imakankha madzi kuti adutse m'tinjira ta m'kati mwa injini, atenge kutenthako, apite ku rediyeta. Kumeneko amagawikana m'timapaipi tating'ono tambirimbiri tomwe mphepo imadutsa pakati pake, n'kubwerera mu injini atazizirako. Galimoto ikamathamanga mphepo imabwera yokha. Ikaima kapena ikamakwawa, fani ndiyo imakoka mphepoyo. Pakati pa injini ndi rediyeta pali kachitseko kotchedwa themositati, komwe kamakhala kotseka injini ikadali yozizira n'kutseguka madzi akafika madigiri a m'ma 80. Injini yathanzi imagwira ntchito madzi ake ali cha m'ma 90 mpaka 100.

Apa ndi pomwe chitsekerero cha rediyeta chimaonekera kufunika kwake, ngakhale ambiri amachiyesa chivindikiro wamba. Madzi amawira pa madigiri 100 m'mbali mwa nyanja yamchere mokha. Mukamakwera kumtunda amawira msanga: ku Lilongwe cha m'ma 96 kapena 97, ku Dedza pafupifupi 95. Ndiye kuti injini yomwe ili bwinobwino ili kale pakhomo powiritsa madzi ake. Chomwe chimaletsa ndi chitsekererocho. Chili ndi sipuling'i ndi kamphira zomwe zimapanikiza madzi m'katimo, ndipo madzi opanikizika sawira mpaka pafupifupi madigiri 120. Nambala ya 0.9 kapena 1.1 yomwe imalembedwa pamwamba pake ndiyo mlingo wa kupanikizako. Kamphirako kakang'ambika, kapena wina akatseka rediyeta ndi nsanza ndi pulasitiki, madzi amawira injini ili pa kutentha kwake kwa masiku onse, amasanduka nthunzi n'kuthawa. Pa zipangizo zonse zoziziritsa injini, chitsekerero ndicho chotsika mtengo koposa, ndipo chapha injini zambiri.

Tsono matenda ake amadziwika bwanji? Makaniko wodziwa ntchito amachita ngati dokotala: amayamba wafunsa mbiri asanagwire sipanala. Funso loyamba ndi lakuti, imatentha nthawi yanji?

Ngati muvi wa geji umakwera galimoto itaima, pamzere wa mafuta kapena pothithikana m'tauni, koma umatsika mukangolowa msewu wothamanga, wolakwa kawirikawiri ndi fani. Mphepo ya panjira ikugwira ntchito yomwe fani yalephera. Pa galimoto zing'onozing'ono fani imayendera magetsi, ndipo vuto likhoza kukhala fiyuzi yopsa, waya wothothoka, kapena kachipangizo komwe kamaiuza kuti yamba. Pa galimoto zina zazikulu, monga ma Land Cruiser ambiri omwe amagwira ntchito ya ambulansi, fani imazunguliridwa ndi injini kudzera m'kachipangizo ka mafuta olimba, ndipo kakatopa fani imaoneka ngati ikuzungulira koma ikungopukusa mutu, osakoka mphepo. Mizere ya mafuta ya zaka zapitazi, yomwe injini imalira nthawi yaitali galimoto ikusuntha pang'onopang'ono, ndiyo mayeso enieni a fani.

Zikakhala mosemphanitsa, m'tauni ili bwino koma pachitunda kapena paliwiro imatentha, ganizirani rediyeta yotsekeka. Imatsekeka kuwiri. Kunja kumamatirira matope, tizilombo ndi njere za udzu, makamaka pa galimoto zoyenda m'misewu ya fumbi ya kumidzi, ndipo izi zimatheka ndi kutsuka. M'kati ndimo muli nkhani. Amene mumaphika tiyi ndi madzi a pamjigo mukudziwa zoyera zomwe zimamatirira pansi pa ketulo. Zomwezo zimamera m'timapaipi ta rediyeta, ndipo timapaipito n'tochepa kuposa chala cha mwana. Mijigo yambiri ya kuchigwa cha Shire ili ndi madzi a mchere, omwe kuwonjezera pa zoyerazo amadya zitsulo. Madzi a mu rediyeta akaoneka ofiirira ngati a mumtsinje wosefukira, limenelo ndi dzimbiri, ndipo nthawi zina limakhala litadya mapiko a pampu moti pampu ikuzungulira koma sikukankha kanthu. Rediyeta yotsekeka theka imakwanitsa ntchito yopepuka ya m'tauni. Ikapatsidwa phiri ndi anthu 16, imagonja.

Ichi n'chifukwa chake kulanti, madzi a mtundu wobiriwira, wofiira kapena wapinki aja, si chinthu cha anthu a ndalama okha monga ena amanenera. Kunja kozizira amamufuna kuti madzi asaundane, ndiye ena kuno amati ife tilibe chisanu chotere, n'kutaya ndalama. Koma ntchito yake ina, yomwe ndi yofunika kwa ife, ndi kuletsa dzimbiri ndi kukweza mlingo womwe madzi amawirira. Pangozi, madzi aliwonse oyera ndi abwino kuposa kuyendetsa injini youma. Koma akhale a tsiku limenelo, osati moyo wonse wa galimoto.

Pali injini ina yomwe imatentha pakangopita mphindi zochepa chiyilizireni, kaya ili pachitunda kaya pachidikha. Mukaika dzanja pafupi ndi rediyeta mupeza ili yozizira pamene injini ikuotcha. Kumeneko ndi themositati yomwe yakanirira chotseka, madzi sakufika ku rediyeta. Kuiyeza n'kosavuta: makaniko amaichotsa n'kuiponya m'poto wa madzi pamoto, ndipo iyenera kutseguka madziwo asanawire. Chomvetsa chisoni n'chakuti amakaniko ambiri akaichotsa sabwezerapo ina. Amati kuno n'kotentha, themositati ndi ya ku Japan. Maganizowa ndi olakwika. Injini yopanda themositati imachedwa kufunda mmawa, imamwa mafuta ambiri ndipo imatha msanga. Choposa apo, pa injini zambiri themositati ikatseguka imatsekanso kanjira kachidule komwe madzi amazungulirira osadzera ku rediyeta. Ikachotsedwa, kanjirako kamakhala kotseguka nthawi zonse, madzi ena amazemba rediyeta, ndipo pachitunda injini imatentha kuposa kale.

Zina n'zachidule. Geji ikakwera mwadzidzidzi nthawi imodzi ndi kuyaka kwa nyali ya batire, lamba waduka, ndipo pa injini zambiri lamba yemweyo ndiye amazunguza pampu. Imani pomwepo. Pansi pakakhala chithaphwi mmawa, tsatirani komwe dontho likuchokera: paipi yotupa kapena yong'aluka, polumikizira pomasuka, kapena kabowo ka pansi pa pampu komwe kamadontha pampu ikayamba kutha. Za kuthira dzira, tsabola kapena sopo mu rediyeta kuti atseke podontha mwazimva. Zikhoza kukufikitsani pa galaja ngati bowo lili ngati la singano, koma zimatsekanso timapaipi tabwinobwino.

Matenda oopsa ndi omwe saonetsa chithaphwi. Madzi akutha, pansi pali pouma. Pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake pali gasiketi yomwe imalekanitsa moto, oilo ndi madzi. Ikapsa, zitatuzi zimayamba kuyenderana. Ku ekizozi kumatuluka utsi woyera wonunkhira motsekemera ngakhale injini itafunda kale. Oilo amasanduka ngati tiyi wamkaka. Mukatsegula rediyeta mmawa injini ili yozizira n'kuiliza, mumaona thovu likubwera mosalekeza, ndipo paipi ya pamwamba imalimba gwa pasanapite nthawi. Magalaja ena ali ndi mankhwala a buluu omwe amasanduka achikasu akakumana ndi utsi wa injini mu rediyeta, ndipo kuyezako kumathetsa mkangano. Gasiketi kawirikawiri simayambitsa vuto, imapsa chifukwa wina adaumirira kuyenda geji ili pofiira kuti angomaliza chitunda. Mitu ya injini zambiri za masiku ano ndi ya aluminiyamu, yomwe imapindika ikatenthedwa kwambiri. Vuto lomwe likadatha ndi chitsekerero kapena paipi limasanduka kuphwasula injini, ndipo galimoto yokhayo ya m'dera lonse imakhala pamiyala miyezi.

Chizindikiro chimodzi chimapusitsa ngakhale madalaivala akale. Geji idali pamwamba, kenaka yatsika yokha galimoto ikukwerabe. Musasangalale. Kachipangizo koyeza kutentha kamayeza madzi, ndipo madzi akatheratu kamatsala m'malere n'kumanena bodza. Mukatsegula hita n'kupeza ikutulutsa mphepo yozizira injini ili yotentha, nkhani ndi yomweyo: madzi achepa kwambiri.

Nanga zikachitika muli m'galimotomo ndi wodwala? Muvi ukangoyamba kupitirira pomwe umakhala masiku onse, dalaivala azimitse eyakoni, atsegule mawindo, ayatse hita mpaka kumapeto. N'zowawa mu October, koma hita ndi karediyeta kakang'ono komwe kamachotsako kutentha mu injini. Pachitunda atsike giya m'malo moikakamiza pa giya yaikulu, chifukwa injini ikamazungulira mopepuka pampu imakankha madzi ambiri. Muvi ukafika pofiira, kapena nthunzi ikaoneka, apatuke pamalo abwino n'kuzimitsa. Inu amene mwaperekeza wodwala musadikire kuti muone ngati itheke. Imbani foni nthawi yomweyo kuchipatala chomwe mwachoka ndi komwe mukupita, munene pomwe muli ndi mmene wodwala alili, ndipo yambani kufunafuna galimoto ina. Ikadzuka yoyambayo, simunataye kanthu.

Tulutsani anthu m'galimoto, apite pamthunzi, kutali ndi msewu. M'galimoto yotseka yoima padzuwa kutentha kumakwera ndi madigiri pafupifupi 10 m'mphindi khumi zokha, ndipo thupi la mwana limatentha msanga kuposa la wamkulu. Mwana wogona asasiyidwe pampando poopa kumudzutsa. Wakhanda ayamwe pafupipafupi. Ngati wodwala sangasunthidwe, tsegulani zitseko zonse, mumupepese ndi nsalu yonyowa. Amene mwanyamula bokosi la katemera, lomwe liyenera kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8, lichotseni m'galimoto, mulisunge pamthunzi, musalitsegule.

Kenaka letsani aliyense wofuna kuthamangira chitsekerero. Pamalo otere sipalephera mnyamata wachangu amene amavula malaya, kukulunga dzanja n'kupita kukatsegula. Kumbukirani zija tanena, kuti madzi a m'katimo akhoza kukhala pa madigiri 120 osawira chifukwa apanikizika. Chitsekerero chikangomasuka, kupanikizako kumatha, ndipo madziwo amawira onse nthawi imodzi n'kuphulikira m'mwamba, komwe kuli nkhope, khosi ndi chifuwa cha wotsegulayo, ndi ana omwe aunjikana kudzaonerera. Madzi a madigiri 60 okha amawotcha khungu m'masekondi ochepa. Dikirani mphindi 30 kapena kuposa. Finyani paipi ya pamwamba ndi nsalu yokhuthala: ikadali yolimba, m'katimo mudakali ukali. Ikafewa, phimbani chitsekerero ndi nsalu, chipotozeni pang'ono mpaka poyamba pomwe chimagwira, nkhope mutayang'ana kumbali, mpweya uyambe watuluka. Zala zitalikirane ndi fani, chifukwa ya magetsi imatha kuyamba yokha injini ili chizimire. Ndipo madzi ozizira asathiridwe mu injini yotentha kwambiri, kapena kukhuthulidwa pamwamba pake. Chitsulo chotentha chikazizira mwadzidzidzi chimang'aluka, monga imachitira tambula yagalasi.

Wina akapsa, thandizo loyamba ndi madzi oyera ozizira, kuthira pabalapo mosalekeza kwa mphindi 20. Zimathandizabe ngakhale patapita ola limodzi kapena awiri. Vulani mphete, wotchi ndi zovala zonyowa ndi madzi otenthawo msanga malo asanatupe, koma nsalu yomwe yamatirira pakhungu isakokedwe. Musapake mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira, oilo wa galimoto kapena ufa. Zimasunga kutentha, zimalowetsa tizilombo, ndipo anamwino amayenera kuzipala pabala, zomwe ndi ululu wina. Ayezi nayenso amawononga khungu. Matuza asaboolidwe. Phimbani ndi nsalu yoyera kapena pulasitiki yoyera, ndipo ngati wapsayo ndi mwana, mufunditse mbali zina za thupi kuti asazizidwe. Kupsa kwa kumaso, m'manja, kumaliseche, kapena bala loposa chikhatho cha wopsayo, n'kwa kuchipatala tsiku lomwelo. Akapsa kumaso n'kuyamba kusasa mawu kapena kubanika, ndiye kuti nthunzi yalowa kummero, ndipo ameneyo asatsalire pa galimoto yomwe ikubwera kudzatenga wodwala woyamba uja. Madzi a mu rediyeta akalowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera kwa nthawi yaitali.

Makolo, pali ngozi ina yomwe imachitikira pakhomo, osati pamsewu. Kulanti wambiri amapangidwa ndi mankhwala otchedwa ethylene glycol. Alibe fungo loopsa, amatsekemera, ndipo mtundu wake ndi wofanana ndi zakumwa zomwe ana amakonda. M'misika yathu zamadzimadzi zambiri zimagulitsidwa mopungulira m'mabotolo a zakumwa, ndipo botolo lotere likasiyidwa pansi pa bedi kapena pakhonde, mwana wa zaka zitatu sangalisiyanitse. Masupuni ochepa ndi okwanira kumuwononga impso. Mukukumbukira nkhani ya ku Gambia mu 2022, komwe ana pafupifupi 70 adamwalira impso zitasiya kugwira ntchito, ndipo bungwe la WHO lidachenjeza za mankhwala a chifuwa omwe mudapezeka ethylene glycol ndi mnzake diethylene glycol. Ndi poizoni yemweyo amene ali m'chigubu cha kulanti.

Kuipa kwake n'kwakuti amanyenga. Maola oyamba mwana amaoneka ngati waledzera: akudzandira, akusanza, akuodzera, koma osamveka fungo la mowa. Kenaka amatha kuoneka ngati wapezako bwino, makolo n'kukhazika mtima pansi. Pambuyo pake amayamba kupuma mothamanga, ndipo pakapita tsiku limodzi mpaka atatu mkodzo umachepa kapena kusiyiratu. Mankhwala ake amagwira bwino akaperekedwa impso zisanawonongeke, choncho mukangokayikira kuti wamwa, thamangirani kuchipatala mutatenga botololo, ngakhale mwanayo akusewera. Musamusanzitse. Ena adamva kuti mowa umalimbana ndi poizoni ameneyu, ndipo n'zoona kuti madokotala ali ndi njira yotere yomwe amachita moyeza magazi, koma kumwetsa mwana kachasu kunyumba kukhoza kumugwetsera shuga wa m'magazi n'kumukomola musanafike n'komwe. Chigubu chomwe mudakhalapo kulanti kapena oilo chisasanduke chotungira madzi akumwa, ngakhale chitatsukidwa. Ndipo posintha madzi a mu rediyeta asatayidwe pabwalo pomwe ana, agalu ndi nkhuku zimafika, kapena pafupi ndi chitsime.

Tsono kodi volontiya kapena komiti ya zaumoyo ya m'mudzi ingachitepo chiyani pa galimoto yomwe si yawo? Zambiri kuposa mmene mukuganizira. M'madera ambiri ambulansi ikakhala kutali mumadalira galimoto imodzi kapena ziwiri zodziwika, ya wabizinesi wa pamsika, ya kumpingo, kapena minibasi yomwe imagona m'mudzimo. Mumadziwa nambala ya dalaivala ndi mtengo wake usiku. Onjezani funso limodzi, mulifunse masana kukadali mtendere: galimotoyi mumathira madzi kangati? Yankho likakhala lakuti tsiku lililonse, galimotoyo si yotumiza nayo mayi wa matenda aakulu kuphiri, ndipo pakufunika ina yachiwiri pamndandanda wanu. Si kunyoza mwini wake. Mwinanso mukamuuza kuti vuto likhoza kukhala chitsekerero kapena paipi chabe, mwamupulumutsira injini. Paulendo wa wodwala mukhale zigubu ziwiri zosiyana moonekeratu, china cha anthu, china cha galimoto.

Kwa oyang'anira galimoto za zipatala, m'makhonsolo ndi m'mipingo, nkhaniyi ndi ya bajeti. Pokamba za ambulansi timakonda kuwerenga kuti zilipo zingati ndipo zapatsidwa malita angati a mafuta. Kukonza kumaoneka ngati chinthu chodikira mpaka galimoto itafa, ndipo ndalama zikachepa ndiko kumayamba kudulidwa. Koma kuyeza zoziziritsa injini chilimwe chisanafike ndi ntchito ya tsiku limodzi: kupopa mpweya mu rediyeta ndi kachipangizo koyezera kuti podontha paonekere, kuyeza chitsekerero, kutsuka rediyeta, kuona lamba, mapaipi ndi fani. Mtengo wake sungafanane ndi wa mutu wa injini woitanitsa kunja ndi kwacha ya lero. Makomiti omwe amayang'anira zipatala m'malo mwa anthu a m'dera ali ndi ufulu wofunsa kuti ntchitoyi idachitika liti, monga amafunsira za mankhwala a m'famase.

Galimoto yomwe yawirapo kamodzi mpaka kutaya madzi isabwerere pantchito chifukwa choti yathiridwa ena ndipo yalira. Gasiketi yomwe yayamba kupsa imatha kubisala masiku angapo, ikuyenda bwinobwino m'misewu ya pachidikha. Mmawa wotsatira, injini isanalizidwe, dalaivala aone ngati madzi ali pomwe adawasiya, asolole chitsulo choyezera oilo aone mtundu wake, ayang'ane pansi pa chitsekerero cha oilo ngati pali phala loyera, kenaka ailize rediyeta ili yotsegula n'kuyang'anira thovu kwa mphindi zingapo. Chimodzi mwa izi chikapezeka, galimotoyo ipite ku galaja, ndipo chipatala chidziwitsidwe mmawa womwewo kuti usiku umenewo pakufunika ina.